Boneti ya carbon fibre: kodi munthu angaiwumbe pakhomo ku Blantyre kuno?

Loweruka lina masana, pamalo otsukira magalimoto chakufupi ndi Ginnery Corner, panaima Subaru yoyera yokhala ndi boneti yakuda bii, yonyezimira, mkati mwake mukuoneka timizere tolukanalukana ngati mkeka. Anyamata otsuka anasiya ndowa. Mmodzi anaigogoda ndi chala nati, "Iyi ndi kaboni yeniyeni, simukumva kulira kwakeko?" Mnzake anaseka. "Aise, ndi sitika iyi. Amangomata." Bambo wina wachikulire amene amadikira pikapu yake anangoti, "Tukulani bonetiyo ana inu, mkono ukuuzani." Mwini galimoto atakoka kachingwe, mnyamata uja anaitukula n'kupeza kuti ikulemera ngati boneti ina iliyonse. Atasuzumira kunsi anaona chitsulo chopentedwa zoyera.

Nkhani sinathere pomwepo. Wina anatulutsa foni n'kuonetsa kanema wa pa Facebook: munthu wakunja ali m'galaja kunyumba kwake, akuyala nsalu yakuda, akuipaka zamadzimadzi ndi bulashi, akuikutira ndi pulasitiki, ndipo pakutha pa mphindi zinayi wanyamula boneti ndi dzanja limodzi. "Ndiye ife chatikanika n'chiyani, achimwene? Ku Ndirande amisiri amasula chilichonse."

Sanalakwe kwenikweni. Boneti, chitseko cha buti kapena madigadi a carbon fibre munthu akhozadi kuwumba pakhomo pake. Kungoti kanema wa mphindi zinayi uja wameza ntchito ya masabata angapo, ndipo pamene pali thukuta si pansalu yakudayo ayi.

## Ulusi wa makala

Dzina loti carbon fibre likungotanthauza ulusi wa kaboni, ndipo kaboni ndi yemweyo amene ali m'makala a pambaula ndi mumtima wa pensulo. Zimasiyana kayalidwe. M'khala tizidutswa take tangounjikana chisawawa, n'chifukwa chake limanyenyeka mukaliponda. Mu ulusiwu tandandalikidwa motsata utali wake, togwirana zolimba, moti kuti uduke poukoka pamafunika mphamvu yosaneneka.

Ambiri mwa ulusi umenewu amaupanga kuchokera ku ulusi wapulasitiki wotchedwa polyacrylonitrile, mwachidule PAN, m'bale wake wa ulusi wolukira majuzi. Amayamba aukunga n'kuutenthetsa pa madigiri 200 mpaka 300, kenako amaulowetsa m'ng'anjo yopitirira madigiri 1,000 momwe mulibe mpweya woyatsa moto. Nzeru yake ndi ya owotcha makala, amene amakwirira nkhuni ndi dothi kuti zisanyeke mpaka phulusa. Zina zonse zimachoka ngati utsi, kutsala kaboni. Kaulusi kamodzi kamanenepa pafupifupi mamilimita 0.007, tsitsi la munthu limakaposa kangapo. Amamanga timaulusi 3,000 pamodzi n'kukhala kachingwe kamodzi, ndipo 3K imene mumaiona pamalonda a nsaluyi ikunena zimenezo. Tizingweto ndi tomwe amaluka nsalu.

Zinayamba kale. Thomas Edison ankawotcha ulusi wathonje kuti apange kawaya ka babu mu 1879, koma umenewo unali wosalimba. Njira ya PAN inatulukira ku Osaka, ku Japan, m'manja mwa Akio Shindo cha m'ma 1960, akatswiri a ndege a ku Farnborough ku Britain anaiwongolera mu 1963, ndipo kampani ya Toray inayamba kugulitsa ulusiwu mu 1971. M'magalimoto unatchuka mu 1981 pamene John Barnard anakonzera timu ya McLaren galimoto yampikisano ya MP4/1, yomwe thupi lake linali lakaboni. Ena ankanena kuti ikadzagunda idzaphulika ngati mbale yadothi. Chaka chomwecho John Watson anachita nayo ngozi yoopsa ku Monza, injini inathothoka, iye n'kutuluka akuyenda. Mu 1992 kunabwera McLaren F1 yoyenda pamsewu, nayonso yathupi lakaboni, yokonzedwa ndi Gordon Murray wobadwira ku Durban. Lero theka la kulemera kwa ndege ya Boeing 787 ndi zipangizo zamtundu umenewu.

Ulusi wokhawo palibe angaupange pakhonde. Amagula nsalu yolukaluka, ntchito yapakhomo n'kuyambira pamenepo.

## Nsungwi ndi dothi

Mukaigwira koyamba nsaluyi mumakhumudwa. Ndi yofewa, yoterera, ndipo mukangoidula m'mphepete imayamba kumasuka. Ulusi uli ngati chingwe: pokoka ndi chimphona, pokankha umangopindika. Umafuna chinthu chougwira kuti ukhale pamalo ake.

Ganizirani nkhokwe. Nsungwi zoluka zokha zimagwedera, dothi lokha limang'aluka, koma zikaphatikizana zimasunga chimanga chaka chathunthu. Apa nsungwi ndi ulusi wakaboni, dothi ndi utomoni wotchedwa epoxy. Umabwera m'zigubu ziwiri, utomoni weniweniwo ndi mankhwala oulimbitsa omwe amawatcha hardener. Ziwirizi zikakumana zimagwirana n'kukhala chinthu chatsopano. Siziuma ngati penti amene madzi ake amauluka. Kandulo mukhoza kuisungunula n'kuiwumbanso. Dzira mukaliwiritsa lawira basi. Epoxy ndi dzira.

Apa ndi pamene amisiri ozolowera fibreglass, ulusi wagalasi uja amapangira mabwato ndi makanope a mapikapu, amapunthwa. Utomoni wawo wa polyester ukamachedwa kugwira amangowonjezera timadontho ta mankhwala, zinthu n'kuyenda. Epoxy safuna zimenezo. Muyeso wake, mwachitsanzo magalamu 100 a utomoni pa magalamu 30 a hardener monga mitundu yambiri imanenera, ndi lamulo. Mukachulukitsa hardener simufulumizitsa kanthu, mumangopeza chinthu chofewa, chomata, chimene sichidzalimbanso. Kuyeza ndi maso kapena ndi kapu yodulidwa ku botolo kumaononga nsalu yodula. Sikelo yakukhitchini yowerenga galamu imodzi imodzi ndi chida choyamba kugula.

China n'choti mphamvu ya kaboni imatsata kumene ulusi waloza. Aliyense amene anawazapo nkhuni akudziwa kuti chikuni chimang'ambika motsata mizere yake koma chimakana mopingasa. Chitsulo chilibe zimenezo, chimalimba mbali zonse mofanana. Ndiye powumba amasanjikiza nsalu zingapo, ina mowongoka, ina mopendeketsa pa madigiri 45, ndipo zapamwamba ziyenera kufanana ndi zapansi. Mukasokoneza, chinthucho chimatuluka m'chikombole chili chopotoka ngati chikopa chouma padzuwa.

## Kupepukako, tikuwerengere

Chitsulo chodzaza malo a lita imodzi chimalemera makilogalamu 7.8. Aluminiyamu 2.7. Fibreglass pafupifupi 1.8. Kaboni wophatikiza ndi epoxy pafupifupi 1.5. Lata yagalimoto yokhuthala mamilimita 0.8, yotalika mita imodzi mulitali ndi mulifupi, imapitirira pang'ono makilogalamu 6. Nsalu zitatu zakaboni za magalamu 200 pa malo omwewo ndi magalamu 600, mukawonjezera utomoni zifika kilogalamu imodzi kapena kupitirirako pang'ono.

Musaombe m'manja msanga. Kachipepala kameneko n'kolimba pokoka koma kamapindika mukakatsamira. Kukana kupindika kumadalira kwambiri kukhuthala: mukachulukitsa kukhuthala kawiri, kuuma kwake kumachuluka kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake pakati pa nsaluzo amaikapo chinthu chopepuka chongotalikitsa mbali ziwirizo, kaya thovu louma la mamilimita atatu, kaya pepala lopangidwa ngati zisa za njuchi. Katoni ya sopo imalimba mwanjira yomweyo, mapepala awiri opyapyala ndi lina lopindapinda pakati.

Tiyerekeze kuti boneti yachitsulo ya makilogalamu 16 mwaisinthanitsa ndi yakaboni ya makilogalamu 6. Mwachotsa 10. Pagalimoto ya makilogalamu 1,200 simunafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Ndi theka la ndowa yamadzi ya malita 20, kapena malita 13 a petulo. Pamsewu wa Masauko Chipembere cha m'ma 5 koloko madzulo simudzamva kusiyana kulikonse. Komanso magalimoto ena othamanga, monga Mazda MX-5 ndi Toyota 86, amabwera kale ndi boneti ya aluminiyamu, ndiye zochotsapo zimachepa kwambiri.

Okonda mipikisano ali ndi yankho lawo, ndipo n'lomveka. Iwo sachotsa pamalo amodzi. Boneti, buti, madigadi, mipando, zonse pamodzi zimafika pa makilogalamu ambiri, ndipo malo amene mwachotsapo ali ndi kanthu. Mayi wosenza mtolo pamutu amakhota mosamala kuposa amene waunyamula m'manja. Kupepuza denga kumathandiza galimoto pokhota, ndipo n'chifukwa chake BMW inaika denga lakaboni pa M3 CSL mu 2003. Ena safuna liwiro n'komwe, akufuna maonekedwe, kapena galimoto yawo ndi yakale moti madigadi ake sapezekanso ngakhale ku Ndirande. Zifukwa zonsezi zilipo, aliyense amayeza yekha ndi thumba lake.

## Chikombole

Owumba njerwa amadziwa kuti njerwa siiposa chikombole chake. Pantchito iyi ndi chimodzimodzi, ndipo nthawi yambiri imathera pano.

Mumayamba ndi boneti yeniyeni yosapindika. Chilichonse chili pamenepo chidzakopedwa: kachibowo ka mwala, mzere wa sandipepala, ngakhale fumbi limene linagwera mu penti. Ndiye mumaiwongola, kuisalaza, kuipukuta mpaka muzidziona nkhope. Kuzungulira m'mphepete mumamatako mlomo wa pulasitiki wotambalala masentimita 10 kapena kuposerapo, chifukwa pamenepo ndi pamene padzagwire jumbo yopopera mpweya. Mipata yonse mumatseka ndi phula lofewa.

Kenako mankhwala oletsa kumatirira. Amayi akamaphika chigumu amayamba apaka mafuta m'poto. Apa mumapaka phula lapadera, kulisiya liume, kulipukuta, n'kubwerezanso kasanu kapena kupitirira, ndipo ambiri amawonjezera kamadzi kotchedwa PVA kamene kamauma n'kukhala kakhungu kopyapyala. Ine ndinaphunzira ndi kachivundikiro ka galasi loonera kumbuyo. Ndinapaka phula kawiri n'kuona ngati zakwana. M'mawa mwake chikombole ndi chivundikiro zinali chinthu chimodzi. Ndinalowetsa sikuludilaiva, ndinamva "thwa!", n'kutsala ndi zidutswa ziwiri zopanda ntchito, chikombole chong'aluka ndi chivundikiro choti ndikagule china.

Phula likakwana mumapaka utomoni wokhuthala wotchedwa gelcoat, umene udzakhale nkhope yosalala ya chikombole, ndipo pamwamba pake mumasanjikiza fibreglass. Chikombole sichifuna kaboni, galasi lotchipa likwanira. Koma musaunjike nsalu zonse tsiku limodzi. Utomoni ukamagwira umatentha komanso umafota pang'ono, ndiye mukathamanga chikombole chimapotoka, boneti yanu n'kudzakana kukhala bwino pakati pa madigadi. Kumbuyo kwake mumamangako matabwa kapena mapaipi kuti chisagwedere.

Njerwa imatuluka chifukwa makoma a chikombole ndi owongoka. Chinthu chokhala ndi m'mphepete mopindikira mkati, ngati bampala, chimakodwa, choncho chikombole chake chimapangidwa m'zigawo ziwiri kapena zitatu zomanga ndi mabawuti. Boneti nayo, mukaiona kunsi, ili ndi nthiti zimene zimanyamula mahinjesi ndi loko. Kutanthauza zikombole ziwiri, chakunja ndi chamkati, ndipo zowumbidwazo mudzazimata pamodzi.

Chikombole chabwino chikhoza kutulutsa maboneti ambiri. Kuvutikira chonsechi chifukwa cha boneti imodzi kuli ngati kusema mtondo woti musinjiremo kamodzi. Anthu anayi okhala ndi Altezza yofanana atasonkherana, masamu ake amasintha.

## Kufinya utomoni

Cholinga cha njira zonse zowumbira n'chimodzi: ulusi uliwonse unyowe, mpweya usatsalire mkati, utomoni usachuluke. Utomoni wowonjezera ndi katundu chabe, suonjezera mphamvu.

Njira yapafupi ndi ya bulashi ija ya m'kanema. Mumapaka utomoni m'chikombole, kuyala nsalu, kudinda ndi bulashi, kuyalanso ina. Imatheka, koma chinthu chimatuluka cholemera, theka ulusi theka utomoni kapena kuposa, chokhala ndi timabowo tatinthovu pankhope. M'makona nsalu imakonda kudzuka n'kusiya mphako.

Njira yachiwiri imawonjezera jumbo. Mukamaliza kuyala, pamwamba mumaika nsalu yosamatirira yoti mudzasende, kenako pulasitiki yobowolabowola, kenako chinsalu chonga thonje chomwa utomoni wotsala, n'kutseka zonse ndi pulasitiki yomatidwa pamlomo uja. Pampu ikayamba kukoka mpweya, jumboyo imakwinyika n'kukakamira ngati paketi ya nyama yamusitolo. Chimene chikufinya si pampuyo. Ndi mpweya wa dziko lonse umene uli pamwamba pathu, womwe sitiumva chifukwa tinabadwiramo. M'mphepete mwa nyanja yamchere umapanikiza ndi mphamvu yofanana ndi matani 10 pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Blantyre ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, ndiye kuno tili ndi matani pafupifupi 9. Mukaona geji yanu yoyezera mpweya ikulephera kufika pamene yafika ya munthu wa ku Durban, pampu musaitukwane, ndi kukwera kwa malo. Ena amagwiritsa ntchito kompulesa ya firiji yakale m'malo mwa pampu, ndipo pa tinthu ting'onoting'ono imagwira.

Njira yachitatu, infusion, ndi imene imatulutsa zinthu zokongola pakhomo. Nsalu mumayala zouma, mosathamanga, mizere mukuiwongola mmene mukufunira. Mumatseka jumbo, kukoka mpweya wonse, n'kutsegula kapaipi kochokera m'chitini cha utomoni wamadzimadzi. Utomoniwo umalowa wokha, n'kumayenda m'nsalu ngati madzi akulowa m'dimba louma, mzere wakuda wonyowa ukusendera pang'onopang'ono kulowera kumene kuli pampu. N'zosangalatsa kuonerera. Koma kabowo kamodzi kochepa ngati nsonga ya singano kamalowetsa mpweya n'kusiya mabala oyera oti simungawakonze. Amisiri amatseka paipi, kuzimitsa pampu, n'kudikira theka la ola akuyang'ana geji. Ikatsika, amayenda ndi khutu m'mphepete mwa jumbo kusaka kamluzu. Wailesi imazimitsidwa, ana amathamangitsidwa.

Njira yachinayi ndi ya a mipikisano ya magalimoto ya Formula One ndi opanga ndege. Nsalu yake, prepreg, imabwera yonyowetsedwa kale ndi utomoni pamuyeso wake, imasungidwa mufiriji pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo imaphikidwa pafupifupi pa madigiri 120, kawirikawiri mu autoclave, chimphika chachikulu chotentha chimene chimapanikizanso ndi mpweya. Ilipo mitundu yongofuna uvuni wamba, komabe kuti nsalu youndana ifike ku Blantyre isanasungunuke n'kuyamba kugwira ndi nkhani ina.

## Okutobala, chiperoni ndi magetsi

Malangizo apachigubu amalembedwa poganizira chipinda cha madigiri 20 kapena 25. M'galaja yamalata ku Chilomoni mwezi wa Okutobala masana mumatentha kuposa pamenepo, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi yogwirira ntchito utomoni usanayambe kulimba imatsika ndi pafupifupi theka. Wolembedwa ola limodzi umakupatsani mphindi 30. Mukasakaniza wambiri m'chitini chimodzi umadzitenthetsa wokha, kufuka utsi, mpaka kusungunula kapu yapulasitiki. Sakanizani pang'onopang'ono, m'chotengera chotambalala, m'mamawa.

Juni ndi Julayi vuto limatembenuka. Chiperoni chikatsika, utomoni umakhuthala ngati uchi, umakana kuyenda m'nsalu, umachedwa kugwira, ndipo chinyontho chimasiya kakhungu kamafutamafuta pamwamba kamene kamalepheretsa penti kapena guluu kugwira. Nyengo yamvula chinyontho n'chomwecho.

Palinso dzuwa. Epoxy wolimbira pa kutentha wamba amayamba kufewa pa madigiri 50 mpaka 60. Boneti yakuda yoimikidwa panja masana ikhoza kupitirira madigiri 70, kunsi injini ikuwotchanso. Zotsatira zake nkhope imachita makwinya, mizere ya nsalu imatumphuka, pena boneti imagoba pakati. Mankhwala ake ndi kuiphikanso ikatha kulimba: kukweza kutentha pang'onopang'ono mpaka madigiri 60 kapena 80 kwa maola angapo, motsatira zolembedwa pachigubu. Ena amamanga bokosi lamatabwa lokutidwa bwino n'kuikamo hita ndi choyezera kutentha. Kuwala kwa dzuwa nako kumasandutsa epoxy wachikasu, ndiye pamwamba pamafunika vanishi wagalimoto woteteza, yemwe openta magalimoto ali naye kale.

Za magetsi sindichita kukuuzani. Akazima utomoni uli pakati pa ulendo, kapena jumbo ikadali yofunika kufinya, nsalu yonseyo yapita. Jenereta kapena inveta ikhale pafupi, yoyesedwa kale, musanasakanize kanthu.

## Fumbi, khungu ndi dzimbiri

Chowumbidwacho chikatuluka chimafuna kudulidwa m'mphepete ndi kubowoledwa. Fumbi lake ndi timinga tosaoneka. Limayabwa ngati chitedze, silifunika m'mapapo, ndipo kansalu kapakamwa ka masiku a Covid sikakwanira. Pamafunika masiki yosefa fumbi, magalasi ndi malaya amanja aatali. Kudulira panja kapena monyowetsa kumathandiza. Fumbili limadutsanso magetsi, moti likalowa mu grinder, mu inveta kapena mu laputopu likhoza kuwotcha zamkati.

Epoxy wosalimba asakhudze khungu. Thupi limapirira kwa kanthawi, tsiku lina n'kuyamba kutuluka zidzolo, ndipo likayamba limatero moyo wonse, ngakhale mutangokhudza kadontho. Magolovesi, basi. Kusamba m'manja ndi thina kumangolowetsa mankhwalawo mkati.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa n'choti kaboni amadyetsa zitsulo. Iye sachita dzimbiri, koma akakhudzana ndi aluminiyamu kapena chitsulo wamba pamalo onyowa, ziwirizo zimakhala ngati batire, ndipo chimene chimadyeka ndi chitsulocho. Aluminiyamu ndiye amavutika kwambiri. Pamalo a mahinjesi ndi mabawuti amaikapo kansalu ka fibreglass kapena guluu wokhuthala kuti zisakhudzane, ndipo amalimbitsapo ndi nsalu zowonjezera chifukwa bawuti yomangidwa pa kaboni wopyapyala imang'amba.

## Ikagundidwa

Chitsulo chimachenjeza. Chimapindika, mmisiri wowongola magalimoto amachimenya ndi hamala, amapaka pate, amapenta, galimoto yabwerera pamsewu. Kaboni sapindika. Amapirira mpaka pamalire ake, kenako amathyoka n'kusiya nsonga zakuthwa. Nthawi zina kunja kumaoneka bwinobwino koma mkati nsalu zalekana. Oyendera ndege ndi mabwato amagogoda ndi ndalama yachitsulo: pabwino pamalira "ngwe", povulala pamalira "phu". Kukonza kumatheka, kupala mozungulira n'kuyalapo nsalu zatsopano, koma chigambacho chimaoneka pokhapokha mupente.

Nanga John Watson anapulumuka bwanji? Thupi la galimoto ngati imeneyo limawerengeredwa ndi akatswiri, nsalu iliyonse ili ndi chifukwa chake, ndipo masiku ano amaliyesa poligunditsa dala lisanaloledwe pampikisano. Munthu wapakhomo alibe njira yodziwira kuti chinthu chake chidzathyoka pati. Apa ndi pamene pali malire enieni. Madigadi, chitseko cha buti, chivundikiro cha galasi, kamlomo kapansi pa bampala, zonsezi ndi khungu la galimoto. Zipilala, denga lowotcherera, pansi pagalimoto, chilichonse chogwira mawilo, chiwongolero, mipando kapena malamba, ndi mafupa. Zitseko zili ndi chitsulo chopingasa mkati chotchinjiriza munthu galimoto ikagundidwa m'mbali. Ampikisano amachichotsa chifukwa ali ndi khola lamapaipi mkati, galimoto yopita ku Lunzu ilibe.

Boneti ili pakati. Opanga magalimoto amaikonza kuti pangozi ipindike pakati m'malo molowa pagalasi, komanso kuti ifewereko ikagunda munthu. M'misewu yathu yodzaza oyenda pansi ndi akabaza, mfundo imeneyi si yongotchula podutsa. Ndipo loko akazuka pa kaboni muli paliwiro pamsewu wa Zalewa, boneti imatseguka n'kuphimba galasi lonse. N'chifukwa chake ambiri amawonjezera mapini awiri oigwira. Musanasinthe chachikulu, kapena mtundu wa galimoto, funsani kaye ku Road Traffic za COF ndiponso a inshulansi yanu.

Kamlomo kapansi kaja, kunena zoona, mahampu ndi maenje a mumzinda uno sakapatsa moyo wautali.

## Zipangizo, ndi mmene mungazindikirire yeniyeni

Nsalu yakaboni, epoxy woyenera, pulasitiki ya jumbo ndi tepi yake si zinthu zoti mungazipeze pashelefu ya hadiweya iliyonse. Ambiri angafunike kuitanitsa ku South Africa kapena kutali kuposa apo, ndi ndalama zakunja, kuwonjezapo msonkho. Nsalu youma ndi yopepuka ndipo siionongeka ikasungidwa pouma. Utomoni ndi hardener ndi amene amavuta, chifukwa a ndege amawaika m'gulu la katundu woopsa, choncho njira yake imakhala ya pamsewu kudzera ku Mwanza. Ali ndi tsiku lotha ntchito. Poitanitsa werengeraninso zoonongeka, pakuti choyamba kuwumba sichituluka bwino kawirikawiri, ndipo ndi nzeru kuphunzirira pa fibreglass, amene masitepe ake ndi omwewo pamtengo wotsika.

Tibwerere kotsukira magalimoto kuja, chifukwa zinthu zogulitsidwa ndi dzina la kaboni zili m'magulu angapo. Pali sitika, yomwe ndi pulasitiki yosindikizidwa. Pali chinthu chakale chokutidwa ndi nsalu imodzi yakaboni yeniyeni, chimene chimalemera kuposa mmene chinalili poyamba. Pali fibreglass yokhala ndi kaboni pamwamba pokha. Maboneti ambiri otchipa ndi otere, opepukirako kuposa chitsulo koma osati kwambiri. Ndiye pali kaboni yekhayekha.

Maginito akamata, pansi pali chitsulo. Akakana, mwina ndi aluminiyamu, ndiye suzumirani kunsi: kaboni yekhayekha amaonetsa nsalu yakuda mbali zonse, pamene fibreglass imaoneka yaubweyaubweya, yotuwa kapena yopentedwa zakuda kuti ibisale. Pankhope, nsalu yeniyeni ili ndi kuya. Mukasuntha mutu, timabwalo towala ndi takuda timasinthana. Sitika imaoneka chimodzimodzi paliponse pamene mwaima, ndipo mizere yake ndi yangwiro mopitirira. Nsalu yoyalidwa ndi manja imakhota pang'ono pamakona, pena kachingwe kamodzi kamasokonekera pamene chala cha mmisiri chinakokapo.